Makope a Chifalansa Ndinamusiyira Felesita

Ku Joni, ife ochokera kuno tili ndi lamulo limene palibe analilemba, koma aliyense amalidziwa asanadziwe n'komwe kokwerera takisi. Ukafuna kubwera kumudzi, kaya ndi maliro kaya matenda, ntchito suisiya pambalambanda. Umapeza mnzako woti akugwirizire malo. Iye amagwira, malipiro a masiku amenewo ndi ake, koma tsiku limene wabwerera amachapa yunifolomu, kuisita, n'kukubwezera pamodzi ndi makiyi. Mabwana ambiri amavomera, chifukwa kwa iwo bola mbale zatsukidwa. Lamulo limeneli ndi limene linandidyetsa nditangofika, ndipo ndinkalikhulupirira kuposa mapepala a chidindo.

Ndinachoka kwathu kwa Likoswe bambo wa ana anga atakwera njinga yake n'kubwerera kwawo, monga amachitira akamwini ena zikawathina. Anandisiyira ana awiri, nyumba yodontha ndi kamunda kotopa. Mayi anga anati ana uwasiye ndi ine, iwe pita ukaone. Anandiperekeza mpaka pa Namitambo atasenza chikwama changa, ngati kuti wodwala msana ndinali ine. Za pa basi sindinena zambiri. Anali masiku awiri a miyendo yotupa, mtedza wokazinga, ndi mtima kugunda pa boda iliyonse.

Ntchito yanga yoyamba inali yogwirizira mayi wina wa ku Mzimba, munthu woti chibale panalibe, tinangodziwana kutchalitchi. Anapita kukaika mwamuna wake ndipo anatha miyezi iwiri. Abwana ake anandikonda, mpaka ananditengera pambali n'kundiuza kuti ngati ndikufuna ndikhale ineyo. Njala ndinali nayo, ana kumudzi ankayenda opanda nsapato, koma ndinakana. Mayi uja atabwera ndinamupatsa makiyi ake pageti pomwe. Ndi iyeyo amene pambuyo pake anandiuza za banja lina la ku Kongo limene linkafuna munthu wosamalira wodwala. Anandichenjeza kuti akazi atatu anali atathawako kale.

Nditafika ndinamvetsa chimene anathawa. Wodwalayo, amayi Selesitina, anali mphunzitsi kwawo ku Lubumbashi. Shuga anawatseka maso n'kuwafoola miyendo, koma pakamwa anapasiya pali pabwinobwino. Chingerezi sankafuna n'kuchimva komwe. Mwana wawo, amene ndinkamutcha adona, anali namwino, ankachoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litapendeka. Choncho tsiku lonse tinkakhala awiri, wina wosaona, wina wosamva chimene mnzake akunena. Akafuna kanthu ankamenya ndodo pansi n'kukuwa liwu limodzi lokha, viens. Ndinkathamanga ndithu, koma chondithamangitsa chinali ndodoyo.

Tsiku lina ndikuwasisita mapazi ndi mafuta, anagwira dzanja langa n'kulikokera kwa iwo, akunena kuti viens. Kenako analikankhira pachifuwa panga n'kunena kuti je viens. Anabwereza mpaka zinalowa: iwo akuti bwera, ine ndiziyankha kuti ndikubwera. Adona atamva anaseka, anati ndagwa m'manja mwa aphunzitsi ndipo sindituluka. Mawa lake anandibweretsera kope ndi bolopeni.

Sukulu ndinalekezera Fomu 2, kotero za aneni ndinkadziwako pang'ono. Koma mneni wa Chifalansa wotanthauza kubwera, venir, ndi wosaleredwa bwino. Kwathu kubwera ndi kubwera basi. Ndabwera, wabwera, tabwera, abwera, kumasintha kumutu kokha, thupi lili lomwelo. Uyu amasintha mimba ndi mchira womwe. Ine ndi je viens, iwe ndi tu viens, iye ndi elle vient, m'khutu zimamveka chimodzimodzi koma polemba mchira wa iye ndi wina. Ukati wamuzolowera, ife ndi nous venons, inu ndi vous venez, ka i kaja kasowa. Ukafika pa iwo, ils viennent, kabweranso ndipo katenga n wachiwiri panjira. Ndinadandaula kwa adona kuti chinthu chimenechi chinapangidwa ndi munthu woledzera. Amayi awo atamasuliridwa anati aneni amene anthu amawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ndi omwe amapindika. Zimenezo ndinazimva, chifukwa khasu lathu limene mudzi wonse unkabwereka nalonso linali lokhota.

Kuphunzitsa kwawo kunali kwa nkhanza. Ankatchula zilembo chimodzichimodzi, ine ndikulemba, kenako ndiwawerengere. Ndikalakwitsa, ndodo inkagunda mwendo wa tebulo mpaka tiyi kutayika. Za dzulo ndinkati je suis venue, ndi e kumapeto chifukwa ndine mkazi. Za mawa je viendrai, ndi d wochokera kosadziwika. Chimodzi chokha sindinavutike nacho, choti tu ndi wa ana ndi anzako, vous ndi wa akuluakulu. Ndinawauza m'Chifalansa changa chothyokathyoka kuti kwathu mwana wonena iwe kwa akulu amalandira mbama asanamalize chiganizo. Tsiku limenelo ndi limene ndinawamva akuseka koyamba.

Titathana ndi venir anandionetsa abale ake, revenir, kubweranso, ndi devenir, kusanduka. Onse ali ndi matenda a m'banja omwewo. Kenako kunabwera aneni ena, mayina a zinthu za m'khitchini, mapemphero. Pomatha zaka ziwiri ndinkawawerengera Baibulo, kuyankha foni za abale awo a ku Kongo, ngakhale kukangana nawo za mchere. Ndinadziwa kuti chigwada chathu chomwechi kwawo ndi chakudya chaulemu, amachiphika ndi mafuta ofiira ndi nsomba youma, ndipo ndinkawasinjira mu mtondo umene ndinachita kuitanitsa kuno. Ndinkawasambitsa, kuwatembenuza, kuwabaya jekeseni, kuwapirira akadzuka ndi mkwiyo wa kwawo kumene sadzakuonanso. Ndinawakonda, ndinene poyera. Adona ankati popanda ine sakudziwa akanatani, ine n'kumakhulupirira ngati mwana.

Zaka zisanu ndi chimodzi ndinakhala m'nyumba imeneyo. Kumudzi nyumba ya mayi inafoleredwa ndi malata, mbuzi zinalowa m'khola, mwana wanga wamkazi anayamba sekondale. Usaone, ndinanenepa, mpaka chithunzi chimene ndinatumiza mayi anati sindine.

Felesita anabwera chaka chachisanu. Ndi mwana wa mayi anga aang'ono, obadwa mimba imodzi ndi mayi anga, ndiye kwathu ameneyo ndi mng'ono wanga, palibenso mawu ena. Banja lake linali litatha, anali ndi mwana mmodzi, ndipo mayi aang'ono anakalira kwa mayi anga kuti ndimukokeko. Ndinamulandira. Ankagona nane m'kachipinda kanga ka kuseri kwa nyumba, juzi yoyamba imene anavala m'chisanu cha kumeneko inali yanga, ndipo ndinamupezera poluka tsitsi pa saluni ina. Anali wofatsa, wonena achemwali atagwada, wodya moyang'ana pansi. Ofatsa a mtundu umenewo masiku ano ndimawayang'ana kawiri.

Ndiye kunabwera foni yoti mayi anga awagoneka kuchipatala pa Boma ndipo sakudya. Panalibe zoganiza, ndinayenera kupita. Mayi wa ku Mzimba uja anadzipereka kuti andigwirizire, koma Chifalansa analibe, komanso ukadumpha m'bale wako n'kupatsa malo mlendo, kumudzi umakayankha. Ndinasankha Felesita. Ndinali ndi masiku khumi ndisananyamuke, ndipo ndinamuyamba pomwe anandiyambira ine, pa venir. Tinkachapa tikuimba je viens, tu viens, elle vient ngati ana a sitandade wani. Mutu anali nawo, sindimunamizira. Zimene ine ndinalimbana nazo mwezi, iye anazimeza masiku atatu, ine n'kumanyadira kuti ndi magazi athu.

Ndinamuuza zonse. Nthawi ya mankhwala, kuyesa madzi osamba ndi chigongono, mbali imene amayi aja amafuna kuyamba kutembenuzidwira, kusasuntha mpando uliwonse m'nyumba ya munthu wosaona, kusathira soda mu chigwada. Pomaliza ndinamupatsa makope anga, amene anali atakwana atatu, odzaza mpaka pachikuto. Mayi wa ku Mzimba atamva anapukusa mutu. Anati makiyi usiye koma makope utenge, wogwirizira amafunika adziwe zoti mbale zisasweke, osati zonse. Ndinamuseka, ndinati uyu ndi mwana wa mayi anga.

Potsanzika ndinagwada pafupi ndi mpando wa amayi Selesitina n'kuwauza kuti je reviendrai, ndidzabweranso, pakatha masabata atatu. Anandigwira nkhope ndi manja onse awiri, nandiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza, ndipo ndodo sinagunde.

Mayi anga sanachire m'masabata atatu, komanso sanamwalire. Anawatulutsa m'chipatala, ndinawadwazika pakhomo miyezi iwiri, ndipo anatisiya nandolo atayamba kuuma m'munda. Kenako maliro, kenako kudikira kumeta, chifukwa mwana wamkazi wamkulu sachoka mwambo usanathe. Nthawi yonseyi ndinkamuimbira Felesita. Yankho linali limodzi, loti zonse zili bwino, malo anu alipo, muthane kaye ndi za kumeneko. Ndikapempha kuti ndiyankhule ndi amayi aja, mwina anali akugona, mwina akusamba, mwina kwabwera alendo. Adona ananditumizira uthenga waufupi wopepesa maliro, osafunsa kuti ndibwera liti. Ine ndinati ndi ulemu umenewo.

Ndinafika ku Joni Loweruka m'mawa, nditanyamula nandolo, kalongonda ndi ufa woyera wa mng'ono wanga, chifukwa ndinkadziwa kuti wazisowa. Ndinaliza belu. Felesita anatuluka atavala yunifolomu yanga, ataibweza m'chiuno ndi singano kuti imukwane. Geti sanatsegule.

"Achemwali, mwabwera?"

"Ndabwera. Tsegula, katundu akulemera."

"Dikirani ndiitane adona."

Adona anatuluka ali odabwa zenizeni, ndipo tinayankhulana zitsulo za geti zili pakati pathu. Anati Felesita anawafotokozera mwambo wa kwathu, woti mayi akamwalira mwana wamkazi wamkulu amakhala pamunda ndipo sachokanso. Anawauzanso kuti ine ndinkadziwa zimenezi ndisananyamuke koma ndinachita manyazi kunena, ndiponso kuti kwathu n'kulaula kufunsa namfedwa za ntchito. Bodzalo linali ndi fupa lake, chifukwa munda kwathu ndi wa akazi ndithu, n'chifukwa chake linaima. Adona anati amayi awo analira masabata atatu, kukana chakudya, mpaka anatsala pang'ono kugonekedwa, ndipo amene anawadzutsa ndi Felesita. Sangawabwezenso m'mavuto amenewo. Anapepesa kwambiri, mwa ulemu wa anthu ophunzira, umene suusiyira pogwira.

Ndinayang'ana mng'ono wanga n'kumufunsa m'chiyankhulo chathu ngati anawauzadi zimenezo.

"Nanenso ndili ndi mwana, achemwali," anatero, maso ali pansi monga mwa masiku onse.

Amayi Selesitina anali pakhonde pa mpando wawo wa matayala, akuwothera dzuwa. Anamva phokoso n'kufunsa kuti qui est venu, wabwera ndani. Felesita anayankha kuti personne, maman, palibe. Ananena bwino, lilime lake litakhazikika kale kuposa langa. Pamenepo ndinaiwala ulemu, ndinagwira zitsulo za geti n'kukuwa.

"C'est moi, maman. Je suis revenue." Ndine, amayi, ndabweranso.

Anatembenuzira nkhope kumene kunachokera mawu anga, ndipo ndikudziwa kuti anandizindikira. Kenako ananena mawu awiri okha, trois semaines, masabata atatu. Anamenya ndodo pansi n'kunena kuti viens, ndipo amene anathamanga ndi Felesita. Anawakankha n'kulowa nawo m'nyumba. Katundu wanga ananditulutsira m'mashangani awiri, atapindidwa bwino. Makope munalibe.

Anzathu kutchalitchi anakwiya nane limodzi. Anati zimenezi sizinachitikepo, anati akamuyendera, anati amudzudzula pagulu. Felesita anangosiya kubwera kutchalitchi, ndipo patatha masabata angapo mkwiyo wa anthu unapeza nkhani ina. Ndinayesa mabanja ena a ku Kongo, koma iwo amadziwana onse, ndipo mbiri inali itafika kale yoti ndine uja anathawa wodwala osatsanzika. Ndinakhala chaka china ndikuchapa za eni ake apa ndi apo, kugona m'chipinda cha anthu asanu chogawa ndi makatani. Chifuwa chitandigwira ndinakwera basi. Ndinabwera ndi mashangani awiri omwe aja.

Nkhani ndinaitengera kwa amalume, chifukwa iwo ndiye mwini mbumba, ine ndi Felesita tonse tili m'manja mwawo. Ndinawapeza atavala jekete yatsopano, foni yogwira pagalasi ili m'thumba la pachifuwa kuti aliyense aione. Popita kumeneko ndinadutsa pa nyumba ya mayi aang'ono, malata akuthwanima, sola ili padenga. Ndinadziwiratu mmene mlandu wanga uthere, komabe ndinafotokoza zonse, kuyambira pa juzi mpaka pageti. Anamvetsera akugwedeza mutu. Pomaliza anati malowo sanatuluke m'banja, chimene Felesita akutumiza tikudya ndife tonse, ndipo wamkulu amayenera kupirira. Ndinawafunsa ngati m'tonsemo mulinso sukulu ya mwana wanga. Anati ku Joni ndinakatolako mwano.

Mwana wanga analekezera Fomu 3, chaka chotsatira anakwatiwa. Mayi aang'ono ankandipatsa moni tsiku lililonse pachitsime ngati kuti palibe chinachitika. Tsiku lina ananditumizira paketi ya shuga, ndinaibweza. Anthu anati ndine wamtima woipa, wansanje. Ndinabwerera ku khasu ndi kugulitsa tomato pa Namitambo, ndipo thupi lija linatha lokha.

Mvula zinagwa zinayi Felesita osaponda kumudzi. Mwana wake anakula akumudziwira pa foni. Anthu ankamuyamikira kuti ndi wolimbikira, safuna kutaya ngakhale tsiku limodzi la ntchito. Ine ndinkangomva, pakuti chifukwa chenicheni ndinkachidziwa. Kuti abwere anayenera kusiya wina pamalopo, ndipo iye ankadziwa bwino kuposa aliyense chimene wogwirizira angachite.

Kenako mayi aang'ono anadwala, matenda otupa miyendo, ndipo anayamba kuitana mwana wawo dzina usana wonse. M'mawa wina ndikumenya nandolo pabwalo ndinaona amalume akubwera ndi akuluakulu ena awiri a m'banja. Anavula zipewa asanakhale, chinthu chimene sanandichitirepo. Anati Felesita waimba akulira, akufuna aone mayi ake ali moyo. Koma adona anena kuti gogo uja wafooka kwambiri, sangasiyidwe ndi munthu wosamva chiyankhulo chake, ndipo munthu womva chiyankhulocho amene angamukhulupirire ndi mmodzi yekha, ineyo. Za ulendo anati ndisadandaule, zonse zikonzedwa.

Sindibisa, ndinafuna kupita. Sindinaganize za Felesita kapena za mayi ake. Ndinaganiza zogwada pafupi ndi mpando uja, kuwagwira mapazi, n'kuwauza m'chiyankhulo chimene anandiphunzitsa okha kuti sindinawathawe, kuti ndinkaimba foni, kuti anatinamiza tonse awiri. Ndinali nditayamba kale kuganiza za amene ndimusiyire mbuzi. Pakamwa panga panali patatseguka kuti ndivomere, pamene amalume anakonza pakhosi.

"Koma pali chimodzi. Tikufuna mulonjeze pano, pamaso pa akuluakuluwa, kuti mwanayo akabwerera mudzamusiyira malo ake popanda phokoso."

"Malo ake?"

"Eya. Inu lamulo la kumeneko mukulidziwa."

Ndinawayang'ana mmodzimmodzi. Palibe anachita manyazi, onse ankadikira yankho ndi nkhope zoyera, ngati anthu amene apempha moto. Ndiye kuti lamulolo ankalidziwa nthawi yonseyi. Ankalidziwa tsiku limene ndinakhala pamphasa pawo ndikulira, kungoti tsiku limenelo silinkawadyetsa.

Ndinatola ndodo yanga yomenyera nandolo.

"Pepani amalume," ndinatero. "Chifalansacho ndinaiwala."

Anachonderera, anaopseza, anabweranso mawa lake ndi abusa. Yankho langa silinasinthe. Mayi aang'ono anamwalira patatha sabata ndi masiku awiri, akuitanabe. Felesita anaonera maliro a mayi ake pa foni imene wina anaigwira m'mwamba kumanda, ndipo kulira kwake kunkadukaduka chifukwa cha netiweki. Ine ndinatunga madzi, ndinaphika, ndinaimba ndi amayi anzanga, zonse zimene mwana wa pakhomo amayenera kuchita. Sindinakondwe. Amene anandisambitsa ndili khanda anapita osaona mwana wawo, ndipo dzanja langa lilimo. Amayi Selesitina nawonso sindidzawaonanso, ndipo ngati ali moyo akuganizabe kuti ndinawanamiza.

Sindinaiwale ngakhale liwu limodzi, ndipo amalume akudziwa.